Kutsogolo kwa Phazi Lomaliza

Inu mumandiseka ndikamadutsa pamsika, nthambi ya masamba ikukwekwereka kumbuyo kwa njinga yanga. Ena mumati Sipiliyano wayamba misala, ena mumati ndi mankhwala okokera makasitomala a tomato. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma lero sunthirani kuno, sonkhezani motowo, ndikuuzeni chimene ndimakokera nthambi imeneyi.

Ndikudziwa kuti ine ndi bodza tinayamwa bere limodzi. Ndine amene ndinadinda mapazi a fisi kuzungulira nyumba ya mayi wophika kachasu uja, mpaka zidakwa zake zonse zinasamukira kwa msuweni wanga. Ndinenso amene ndinasiya chala chaching'ono cha phazi lakumanja pa mpanda wa malata, pothawa munthu amene ndinamugulitsa mbuzi yake yomwe nditaipaka makala. Zonsezo ndikuvomera. Koma iyi yokha sindinapeke. Ndikanapeka, bwenzi ndikugona tulo ngati anzanga.

Alamu anga a Ezironi, achimwene ake a mkazi wanga Nangozo, anaphunzitsa ku pulayimale zaka makumi atatu ndi ziwiri. Munthu wa tayi ngakhale kumunda. Chaka chilichonse ankajambula pabolodi chinyama cha mchira wautali chimene ankachitcha dayinoso, n'kumauza ana kuti zinyama zimenezi zinayenda m'dziko muno kalekale, kusanabwere munthu wozigenda ndi mwala. Atapuma pantchito anamva kuti kumpoto, kupitirira Karonga, kuli mtsinje wouma umene pathanthwe pake pali mapazi a chinyamacho, ndipo pambali pake anamangapo kapaki ka ziboliboli. Kuyambira tsiku limenelo sanagonenso. Anati sangafe asanaone ndi maso chinthu chimene anathera nacho choko chonsecho.

Nangozo ndiye anandiponya m'ulendowo.

"Bambo a Felesiya, mupite nawo. Achimwene ali ndi BP, komanso mwendo wovuta uja. Muwanyamulire chikwama, muziwakumbutsa mapilitsi. Ndipo tamverani, chibwana chanu chija muchisiye pompano pakhomo. Mukandibweretsere achimwene anga amoyo."

"Kodi ndikawadya?"

"Inuyo mukhoza."

Tinayenda masiku awiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa lothyola khosi. Tsiku lachiwiri m'mawa anthu a kabaza ya njinga zamoto anatitula pa kamlatho, n'kutilozera mchenga wa mtsinje.

"Tsatirani umenewu, ola limodzi mwafika."

"Bwanji osatifikitsa? Mchengawu ngolimba, njinga ikhoza kuyenda," ndinatero.

"Matayala amasiya mzere," anayankha mmodzi, ngati wanena chinthu chomveka. Anatembenuza njinga zawo, osayang'ananso m'mbuyo.

Titayenda pang'ono tinakumana ndi bambo wina akuchokera kumene tinkapitako. Anali atamanga chingwe m'chiuno, ndipo kuchingweko kunali nthambi yaikulu ya masamba ikukwekwereka pansi. Tinamupatsa moni. Iye anayankha bwinobwino, koma nkhope zathu sanaziyang'ane. Maso ake anali pa mapazi athu.

"Popita palibe mlandu," anatero. "Pobwerera mukapemphe nthambi."

Atadutsa ndinacheuka. Kumbuyo kwake mchenga unali see, ngati sipanapite munthu.

"Alamu," ndinatero, "kuno anthu amamera michira. Mwina dayinoso wanu uja ndi ameneyu."

"Ulemu, alamu, ulemu. Tili kwa eni," anatero a Ezironi, akupukuta thukuta ndi mpango.

Pakipo panali pamtunda, mkati mwa mpanda wa bango. Munali ziboliboli za simenti zisanu, zopakidwa penti wobiriwira amene dzuwa linali litamusenda. Chimodzi chinali ndi khosi lofika pa denga la tchalitchi, zitsulo zikuonekera m'mabondo. China chinali chitayasamula, mavu atamanga m'kamwa mwake. Mbuzi zinali zitagona m'mithunzi yake zikubzikula. Ine ndinakwera pamsana pa chimodzi n'kumachikwapula ndi chipewa, ndipo mpamene woyang'anira malowo anatulukira.

Anali mayi wamtali, wa msinkhu wangawu, tsache lili m'manja. Anati dzina lake ndi NyaLuhanga. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana mpaka ndinatsika ndekha.

"Izi nzoumba, adada, seweretsani mmene mungathere," anatero. "Koma kumene tikupitaku kuli malamulo atatu. Nsapato muvule. Muyende kumbuyo kwa mwini mapaziwo, kulowera kumene akupita, ndipo miyala yoyera mukaionayo musaidumphe. Pochoka, aliyense akoke nthambi mpaka pamlatho."

Anatitsogolera kutsikira mumtsinje. Pamenepo mchenga unathera pa thanthwe lofiirira, lalitali ngati bwalo la mpira wa manja, ndipo mapaziwo anali pompo. Abale, ine ndinkayesa tikaona timaenje toti munthu achite kukuuza kuti ili ndi phazi. Ayi. Lililonse linali ngati lichero, zala zitatu, cha pakati chachitali, nsonga za zikhadabo zitalowa m'mwala ngati khasu m'dothi la mvula. Kuchoka pa phazi limodzi kufika pa linzake, ine ndinkaponda katatu. Anali khumi ndi limodzi. Kutsogolo kwa lomaliza kunali mzere wa miyala yopakidwa laimu, ndipo kuseri kwa mzerewo thanthwe linkapitirira losalala mpaka kukalowa m'gombe.

A Ezironi anagwada. Anatulutsa rula yawo yathabwa, ija yakhala ikumenya ana a m'dera mwathu kuyambira kale, n'kuyamba kuyeza. Kenaka ndinaona misozi ikudonthera m'phazimo.

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikujambula zala zinayi," anatero. "Ndinanamiza ana a eni, alamu."

"Musadandaule, ifenso timanamiza anthu koma sitilira."

Ndinatembenukira kwa NyaLuhanga. "Mayi, mwati kumene akupita? Chinthu chinafa makolo a makolo asanabadwe, chikupitanso kuti?"

"Mwapaona pamene anagwera?" anandifunsa. "Yang'anani. Mwala ukupitirira, mapazi sakupitirira. Sanagwe, sanabwerere. Anangoima. Akuluakulu athu ankati akadali paulendo, kungoti anasowa womutsogolera."

A Ezironi anayamba kufotokoza za matope amene anauma n'kusanduka mwala, mawu a m'kalasi aja, ndipo mayiyo ankangogwedeza mutu mwaulemu. Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka chiphokoso, mbuzi zitalowa m'kanyumba kake. Anathamangirako, n'kutisiya awiri.

Apa ndi pamene chibwana chimene ndinauzidwa kuti ndichisiye pakhomo chinatuluka m'thumba.

"Alamu, bweretsani foni. Mwayenda ulendo wonsewu kuti mukaonetse anthu chithunzi cha maenje? Dumphani timiyalati, muime kutsogoloko, mukweze manja ngati chikukuthamangitsani. Anzanu a kwaya akakomoka nacho."

"Mayi aja aletsa."

"Aletsa kuti mwala usakandike. Inu muli ndi nsapato? Komanso mphunzitsi wonse inu, wa satifiketi, mukuopa laimu?"

Mawu a satifiketiwo ndi amene anawagwetsa. Anayang'ana kumtunda, n'kudumpha. Anaima kutsogolo kwa phazi lomaliza, analifulatira, n'kukweza manja, tayi ili pamalo pake. Ine ndinazungulira cha m'mbali n'kujambula. Anabwerera msanga akuseka ngati mwana woba shuga.

Titayang'ana chithunzicho, a Ezironi anali mumthunzi. Mwala wowazungulira unali mbee ndi dzuwa la masana, koma iwo okha anali mumdima kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pafupi panalibe mtengo.

"Foni zotchipa," ndinatero. Iwo anavomera. Koma tonse awiri tinayang'ana kumwamba, ndipo kunalibe ngakhale kamtambo.

NyaLuhanga anatipeza tikuvala nsapato. Anatimangirira aliyense nthambi yake m'chiuno, n'kutsanzikana nafe. Pathanthwe paja sanapitenso nthawi imeneyo. A Ezironi anavula nsapato zawo titangokhota, ati zikuwathina, mapazi atupa. Anazikoloweka m'khosi n'kumayenda chosavala. Ine ndinali pambuyo ndi chikwama. Ndinkayang'ana mkulu wa tayi akukoka mchira wa masamba, mtima n'kumandiyabwa. Ndinatulutsa kampeni, ndinaponda nthambi yawo, n'kudula chingwe. Iwo sanamve kanthu. Anapitiriza kuyenda, kachingwe kokha kakulendewera, mapazi awo akudindika mumchenga bwinobwino. Ine ndinayenda cha pambali kuti nthambi yanga isawafufute, chifukwa m'mutu mwanga munali mutabwera kale nzeru ina.

Pakati pa njira panali mkuyu waukulu m'mphepete mwa mtsinje. A Ezironi anati apume. Ndinawapatsa pilitsi ndi madzi, ndipo posakhalitsa anayamba kuwodzera. Ndinamasula nthambi yanga, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuseri kwa gombe. Pamenepo ndinagwira ntchito imene ndimaidziwa. Ndi chidendene, botolo ndi kamtengo, ndinadinda mapazi awiri a zala zitatu pamwamba pa mapazi awo. Anaoneka bwino ndithu. Ndinabwerera ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke.

Nditakhala pansi ndinazindikira kuti nyenje zaleka kulira. Mukudziwa mmene nyenje zimasokosera mu Okutobala, mpaka umaiwala kuti zilipo. Tsono zinangoti zii, zonse nthawi imodzi. Kenaka ndinamva fungo. Fungo la dambo, la matope akuda amene ng'ombe zapondaponda, mumtsinje umene sunaone madzi miyezi isanu. Ndipo patali, kumene tinachokera, wina ankasinja. Gu. Kenaka chete wautali. Gu. Ndinati mumtima, mayi waulesi uyu, ufa wake udzapsa chaka chamawa.

Ndinawagwedeza a Ezironi. "Alamu, dzukani! Ndinapita kukataya madzi uko, ndiye ndaona zachilendo. Tabwerani."

Ananditsatira akutsimphina. Titakhota pa gombe paja ndinaloza pansi, nkhope nditaikwinya ngati wa mantha. Koma nkhopeyo sinafunenso kukwinyidwa ndi ine.

Mapazi awiri amene ndinadinda aja anali pompo, osaya, ngati zoseweretsa. Kuseri kwake, cha patali ngati poponya mwala, kunali ena. Akuya mpaka m'bondo. Lililonse linali litaponda ndendende pa phazi la a Ezironi, ndipo pansi pake pankatuluka madzi akuda pang'onopang'ono. Ankachokera kumene tinachokera, mzere wonse mpaka pokhota.

Gu.

Sindinaone chilichonse chikusuntha. Ndinangomva m'mano. Koma nditaphethira, mzere uja unali utatalika ndi phazi limodzi.

"Alamu," a Ezironi ananong'ona, "ngati ndi zanu zija, ndakugwirani mwendo, lekani."

"Awiri awa ndi anga," ndinatero. "Enawo si anga."

Anagwira kumbuyo kwawo, n'kupeza kachingwe kodulidwa. Anakayang'ana, n'kundiyang'ana. Maso awowo anandipweteka kuposa rula.

Tinathawa. Kunena zoona, ine ndinathawa, iwo ankangodzikoka. Titafika pa mkuyu paja anagwa chagada.

"Miyendo yazizira," anatero. "Sindikuimva."

Ndinawagwira mapazi. Dzuwa lonse lija, mapazi awo anali ozizira ngati mwala wa pachitsime, komanso olemera. Ndinayesa kuwabereka. Munthu amene ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi pokwera minibasi, tsiku limenelo sindinathe kumusuntha. Kuzizirako kunali kutafika m'mawondo. Milomo inayamba kuyera.

"Pitani, alamu," anatero. "Mukamuuze mlongo wanga kuti ndinaona. Zala zitatu."

"Mukamuuze nokha! Ine Nangozo akandisenda wamoyo."

Ndinkayesa nthabwala, koma mawu ankatuluka ngati a nkhuku yonyowa. Gu. Masamba ouma a mkuyu anayoyoka, mphepo kulibe.

Kenaka pamwamba pa gombe panamveka kukwekwereka kwa masamba. Anali NyaLuhanga, akuthamanga m'njira ya kumtunda, nthambi m'chiuno, mikeka iwiri yopindidwa ili pamutu. Anatsetsereka pagombepo n'kutipeza.

"Ndani anadumpha miyala?" anafunsa, akupuma mwawefuwefu. "Ndapeza mapazi a munthu kutsogolo kuja, onyowa. Mwala ukuotcha, koma sakuuma."

"Ndine," anatero a Ezironi.

"Ndinawatuma ndine," ndinatero. "Nthambi ndadulanso ndine."

Mayiyo sanataye nthawi ndi kunditukwana. Anavula chitenje cha pamwamba, n'kukulunga mapazi a alamu anga onse awiri, kuwasanjika pa chikwama kuti asakhudze pansi.

"Sadziwa nkhope, sadziwa dzina. Amadziwa phazi," anatero. "Wapeza womutsogolera, ndiye akutsatira. Akafika pamene phazi lathera, amaponda pomwepo."

Tonse tinayang'ana pamene mapazi a a Ezironi anathera. Anathera pa iwo.

"Ndiye titani, mayi? Tifufute?"

"Tachedwa. Mukafufuta pano afika ndi fungo. Afunika wina amulande njira, amutembenuze, amubwezere kwawo."

"Inu mumadziwa njira zake, mwina..."

"Ine ndasesa kumbuyo kwake zaka makumi awiri. Amandidziwa kuti ndine wa m'mbuyo, sanganditsate." Anandiyang'ana kumapazi. "Wotsegula khola ndiye amabweza mbuzi, adada. Vulani."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinavula nthawi yomweyo ngati mwamuna. Bodza. Ndinayang'ana njira ya kumlatho, ndinaiyeza ndi maso. Ndinali ndi miyendo yabwino ndi nthambi yanga. Koma ndinamva a Ezironi akupuma ngati munthu wokoka madzi ndi bango, ndipo ndinaona Nangozo ataima pakhomo akuyang'ana kumbuyo kwanga, kufuna munthu wachiwiri. Ndinavula.

NyaLuhanga anandiimika pa mapazi awiri omaliza a alamu anga, phazi pa phazi, n'kundiuza kuti ndipondereze. Mchengawo unali wozizira.

"Tsono muyende. Muzungulire bango ilo, muwolokere mbali inayo ya mtsinje, mubwerere kuthanthwe. Mudutsana naye. Musayang'ane. Musathamange, mukathamanga nayenso athamanga. Mukafika, muyende m'mbali mwa mapazi ake, mudumphe miyala, mupite mpaka kumene mwala wathera. Muime pamenepo. Ine mundipeza."

"Nanga akapanda kutembenuka?"

"Ndiye kuti mwayenda ulendo wabwino, ife tatsala."

Ndinayenda. Abale, kuyenda pang'onopang'ono pamene thupi lonse likukuwa kuti thawa ndi ntchito yoposa kulima dambo. Ndinazungulira bango lija, n'kuyamba kubwerera cha kutsidya. Maso ndinawakhomera pa zala zanga zisanu ndi zinayi. Gu. Tsopano sikunalinso kusinja kwa patali. Mchenga unkadumpha pa mapazi anga.

Kenaka dzuwa linazima pa ine ndekha. Mthunzi unandiphimba kuchokera kumanzere, wozizira, ndipo fungo la matope lija linandilowa mpaka m'mimba. Pamwamba penipeni, pamene pakanakhala nsonga ya mtengo, panamveka mpweya ukulowa, wautali, ngati mvukuto wa osula makasu. Unalowa, unalowa, osatuluka. Chinachake chinadonthera paphewa langa. Sindinachipukute. Ndinkangowerenga zala, n'kumatchula mayina a anthu onse amene ndinawapusitsa, ngati kuti iwo ndi amene angandikhululukire pamenepo.

Mthunzi unapitirira, kulowera ku mkuyu. Gu. Gu. Ndinkamva ukutalikira, kupita kwa alamu anga. Ndinafuna kukuwa. Kenaka kunati zii.

Ndinaponda kasanu mu chete ameneyo. Kakhumi. Ndinayamba kulira ngati mwana, ndikuyendabe.

Ndiye kumbuyo kwanga bango linathyoka, lonse nthawi imodzi, ngati wina wakhalira dengu. Gu. Linali kumbali yanga ya mtsinje.

Sindinayambe ndasangalalapo ndi chinthu choopsa chotero.

Za ulendo wobwererawo ndilibe zambiri zonena. Mthunzi unkandipeza n'kutsalira, kundipeza n'kutsalira. Nthawi ina ndinaona rula ya a Ezironi ili mumchenga, itathyoka pakati, chonsecho ndinaiika ndekha m'chikwama. Sindinaitole. Pamene ndinkafika pathanthwe dzuwa linali litapendeka, ndipo mbuzi zonse za papaki zinali zitaima pamwamba pa gombe, mzere umodzi, zosalira, zikuyang'ana pamwamba pa mutu wanga.

Ndinayenda m'mbali mwa mapazi aja. Ndinadumpha miyala yoyera. Mapazi onyowa a alamu anga anali pompo, ndipo ndinawapitirira mpaka mphuno yanga inatsala pang'ono kugunda gombe. Ndinaima.

Pamwala kulira kwake kunasintha. Sikunalinso gu, kunali ngati mphika waukulu ukuikidwa pa mafuwa, mosamala. Ndinawerenga. Chimodzi. Ziwiri. Chinkaponda m'mapazi ake omwe. Zisanu ndi zitatu. Khumi. Khumi ndi chimodzi.

Mpweya uja unatuluka. Unandiwomba pakhosi, wofunda, shati n'kumamatira kumsana. Pansi pa phazi langa lakumanja mwala unafewa. Ndinaumva ukulowa pakati pa zala ngati phala.

"Musacheuke," anatero mawu a NyaLuhanga, pamwamba pa gombe. Mkeka unagwa pambali panga. "Pondani apo. Phazi lisakhudze mwala."

Ndinazula phazi, linatuluka ndi kaphokoso, n'kuponda pamkeka. Anaponya wachiwiri patsogolo pake. Ndinaponda. Anatsika, anatenga woyamba uja n'kuuika patsogolo, choncho choncho, mkeka ndi mkeka, mpaka tinakwera kumtunda pa udzu. Pamenepo nyenje imodzi inayamba kulira. Kenaka zonse.

"Tsopano yang'anani," anatero.

Pathanthwe panali dzuwa lokhalokha. Mapazi khumi ndi limodzi, m'kati mwake muli timadzi takuda. Mapazi onyowa a alamu anga anali atauma, osaonekanso. Koma kumapeto kwa mwala kunali phazi limodzi la munthu, lolowa mpaka m'kakolo, la zala zinayi.

NyaLuhanga analiyeza ndi maso. "Mwaima patali, mwachita bwino. Kuchoka pamene waima iye kufika pa lanu, aponda katatu."

"Ndiye kuti zatha?"

"Waima," anatero.

A Ezironi tinawapeza atakhala tsonga pansi pa mkuyu, akudzisisita miyendo. Phazi lalikulu lomaliza linali pafupi nawo kwambiri, moti madzi ake anali atanyowetsa chikwama. Ndinawafunsa chimene anaona. Anati anatseka maso, koma tayi yawo inanyamuka yokha n'kuima m'mwamba, ngati wina akuinunkhiza. Tinafika pamlatho dzuwa lisanalowe, aliyense akukoka nthambi, ndipo ya alamu anga ndinaimanga ndekha mfundo zitatu.

Kunyumba Nangozo anawayang'ana achimwene ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Kodi mwayamba kukula, bambo a Felesiya?" A Ezironi anakhala mwezi wathunthu osandilankhula. Kenaka tsiku lina anabwera ndi nkhuku, anaisiya pakhonde, n'kunena kuti, "Chitsiru inu," akundigwira dzanja ndi manja awiri. Alipo mpaka lero, munawaona dzulo akupita ku kwaya. Amayendera masukulu kukakonza chithunzi cha dayinoso chija, kufufuta chala chachinayi.

Ine ndinasiyira NyaLuhanga nambala yanga. Okutobala aliyense amaimba, ndipo sachulutsa mawu. Chaka choyamba anati, "Khumi ndi limodzi, adada." Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu ndinayamba kuiwala, mpaka ndinayenda sabata yathunthu wopanda nthambi, kupita kumunda chosavala nsapato ngati kale. Mwezi womwewo foni inalira ndili pamsika.

"Adada, mwayenda bwanji masiku ano?"

"Bwinobwino, mayi."

"Khumi ndi awiri," anatero. "Miyala yoyera ija waiponda."

Tsono mwamva. Patsala kawiri. Mawa mukandiona ndi mchira wanga, sekani monga mwa masiku onse, ine sindikwiya. Koma ndikanyamuka pano, wina atenge tsache asese pamene ndaponda. Ayambire apa pamoto mpaka kumsewu, ndipo asasiye ngakhale chala chimodzi.